DBAN yandipukutira laputopu yakale ndisanaigulitse

Ndinali ndi laputopu ya HP ya nthawi ya Windows 7, hard drive yake ya 500GB yozungulira ija imamveka kulira mkati ukaiyatsa. Nditagula ina ndinaganiza zoigulitsa, ndiye ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kuti aifomate. Sanachedwe, anaikamo Windows ina nkundiuza kuti "yayera bwana, mulibe chilichonse." Kufika kunyumba mtima sunakhale mmalo, ndinaika Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, nkuisiya ifufuze mozama, ndipo abale zinthu zinayamba kutuluka, zithunzi za ana anga, chitupa changa cha unzika chomwe ndinachita sikani, mapepala a ku banki, komanso Excel ya banki mkhonde yathu yokhala ndi maina a amayi onse ndi ngongole zawo. Excel imeneyi ndi yomwe inandiwawa kwambiri chifukwa zinsinsi zake sizanga, ndi za anthu omwe anandikhulupirira.

Kufomata kwachangu kuja kumangochotsa mndandanda wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili, koma fayiloyo imakhalabe pa disiki mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Ntchito ya pulogalamu ya DBAN ndi imeneyo basi, kulemba pamwamba pa disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Dzina lonse ndi Darik's Boot and Nuke, anaipanga ndi Darik Horn, ndi yaulere, ndipo ndi yaying'ono sikwana ngakhale 20MB ndiye bando siilira. Yomaliza kutuluka ndi 2.3.0 ya 2015, ndiyakale ndithu koma laputopu yanganso ndi yakale ndiye zinagwirizana.

Ndinaiika pa fulashi ndi pulogalamu ina yotchedwa Rufus, nkuyatsa laputopu ndikudina F9 kuti ndisankhe fulashiyo, a Dell inu ndi F12. Sikirini imabwera yabuluu ya zilembo zokhazokha, mbewa sigwira, zonse ndi pa kiyibodi. Apa mumve bwino. Pali mawu oti autonuke omwe anthu amakonda kulemba poti ndi njira yachidule, koma amenewa amapukuta disiki iliyonse yomwe DBAN yaiona osakufunsani kawiri, ndiye ngati mwaiwala eksitenolo yanu ili yolumikizidwa, yomwe munasungiramo zomwe mumafuna kupulumutsa zija, yapita ndipo palibe Recuva angaibweze. Ine ndinazula zonse kaye nkungodina Enter, kenako nkusankha ndekha hard drive ndi batani lalitali lija la space, M kusankha njira yopukutira, F10 kuyamba.

Pa njira ndi pomwe ndinataya nthawi. Ikayamba imakhala ili pa DoD Short, yolemba katatu, ndipo ndinaisiya pomwepo. Batire ya laputopuyi inafa kalekale, imayaka ikakhala pa chaja pokha, ndiye itayenda maola anayi magetsi anazima ndipo zonse zinathera pomwepo, DBAN sipitiriza pomwe inalekezera, umayambira pa ziro. Tsiku lachiwiri ndinasankha Quick Erase, yolemba ma ziro kamodzi, ndinaiyambitsa usiku magetsi atangobwera ndipo inatha mmaola awiri ndi pang'ono. Mulinso ina ya Gutmann yolemba maulendo 35, koma imeneyo Peter Gutmann anaikonza mu 1996 poganizira ma disiki a nthawi imeneyo, ndipo malangizo a 800-88 a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, amati pa hard drive za masiku ano kulemba kamodzi kukukwana. Ndi magetsi athuwa komanso batire yakufa, 35 simungaimalize, ndipo palibe chomwe mungapindule.

Itatha laputopu inakana kuyaka Windows, zomwe ndi zoyenera chifukwa munalibenso kanthu. Ndinaikamo Windows ina, nkubwerezanso Recuva ija mozama ngati poyamba. Chithunzi cha mwana olo chimodzi, Excel ija kulibe, zinatuluka ndi timafayilo ta Windows yatsopanoyo basi. Usiku umenewo ndinagona tulo.

Zosakoma zilipo. Ngati laputopu yanu ili ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira ija, musavutike nayo DBAN, SSD imasuntha yokha malo olembapo ndiye pali mbali zina zomwe kulemba pamwamba sikufikako, imafuna Secure Erase ya mu BIOS, ma setingi omwe mumalowamo Windows isanayake, kapena pulogalamu ya kampani yomwe inapanga SSD yo. Pa makompyuta atsopano a UEFI okhaokha, yomwe ndi BIOS yamakono, DBAN siyakanso, mpaka mutsegule Legacy, kayatsidwe kakale, ngati ilipo, apo ayi pezani ShredOS yomwe imagwira ntchito yomweyi ndipo ikukonzedwabe mpaka pano. DBAN sikupatsaninso chikalata chotsimikiza kuti disiki yapukutidwa, ndiye a mmaofesi omwe ma auditor amafuna umboni siikukwanirani. Chingerezi chake nacho ndi chaukatswiri, munthu wosazolowera atha kuchita mantha ndi sikirini yabuluu ija, kuli bwino akhale ndi wina pafupi tsiku loyamba.

Koma pa laputopu yakale ya hard drive yozungulira, yomwe mukufuna kugulitsa pa Facebook kapena kupatsa mwana wa achemwali apite nayo ku koleji, ine ndikuipatsa 4 pa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa chosapitiriza magetsi akazima. Laputopu ija ndinaigulitsa sabata yatha kwa mnyamata wina wa fomu 4, ndipo amayi a banki mkhonde ndinawauza zonse pa msonkhano wa Loweruka, mpaka awiri andipempha kuti ndikawapukutire zawo.