Queen Street Mill: pitani mukamve phokoso lomwe linalera David Shackleton

Ngati muli ku Lancashire, ku England, ndipo mbiri ya anthu ogwira ntchito imakukhudzani, musaphonye Queen Street Mill ku Harle Syke, kufupi ndi Burnley. Fakitale yolukira nsaluyi inamangidwa mu 1894, n'kusiya ntchito mu 1982, ndipo lero ndi malo osungirako zakale. Injini yake ya nthunzi, yotchedwa Peace, ikadalipo, pamodzi ndi makina olukira pafupifupi 300.

Ine chinandikokera kumeneko ndi David Shackleton, mtsogoleri wa oluka nsalu amene anabadwira ku Cloughfold mu 1863. Sanagwire ntchito pa fakitale iyi ayi, koma anakulira m'nyumba zolukira zofanana nayo, atayamba ali ndi zaka 9, theka la tsiku kusukulu, theka pamakina. Ogwira ntchito pamalopo akangoyatsa makina ochepa chabe, mawu a mnzako sumawamvanso. M'pake kuti oluka ankalankhulana powerenga milomo. Ogwira ntchitowo amakufotokozeraninso momwe oluka ankayamwira ulusi ndi pakamwa kuti ulowe pa kabowo ka chida choyendetsa ulusi, zomwe zinkafalitsa matenda. Amafotokoza mosathamanga, ndipo ukafunsa amayankha ngati anthu oidziwadi ntchitoyi. Apa ndiye ndinakhutira kwambiri.

Shackleton, mwana wa m'phokoso limeneli, anadzakhala mlembi wa bungwe la oluka ku Darwen mu 1894, phungu wa Clitheroe mu 1902, ndipo analimbikira lamulo la 1906 loteteza mabungwe a ogwira ntchito kuti asamalipitsidwe ndalama chifukwa cha sitiraka. Mu 1916 anakhala mlembi wamkulu wa unduna wa zantchito.

Koma chimene chinandivuta mumtima nditaima pakati pa makinawo n'chakuti Shackleton yemweyu ankaikira kumbuyo zoti ana azigwira ntchito theka la tsiku, poti mabanja a mamembala ake ankadalira kandalama ka anawo. Umphawi wa makolowo ndikuumvetsa, komabe sindingamuyamikire pamenepa, makamaka munthu woti fumbi la thonje analipuma yekha ali mwana. Ndiponso ambiri mwa mamembala omwe ankasonkha ndalama zomuthandiza ku Nyumba ya Malamulo anali amayi, omwe panthawiyo analibe ufulu wovotera phungu.

Malowa satsegula tsiku lililonse, choncho yambani mwaona pa intaneti masiku ake, ndipo mufunse nthawi yomwe amayatsa makina. Ana aang'ono muwakonzere zotsekera m'makutu.