Makabati a bolodi kapena omanga ndi simenti: khitchini ya ku Zomba ikufuna ati?

Mukaitana kalipentala kuti adzaone khitchini yanu, adzakuuzani kuti za masiku ano ndi makabati a bolodi. Mukaitana bilidala, adzati amenewo ndi masewera, mangani ndi simenti mupume. Aliyense amakokera kwake, poti ndi mmene amadyera. Koma amene adzaime pa sinki m'mawa ndi madzulo ndi inuyo, ndiye tiyeni tiziike ziwirizi pambalambanda.

Bolodi amene akalipentala ambiri amagwiritsa ntchito ndi uja wa chipboard: tizidutswa ta matabwa tophatikiza ndi guluu, kunja kwake atamata chikamba chosalala cha melamine. Nthawi zambiri amakhala wochindikala mamilimita 16. Kukongola, palibe angatsutse. Amadulidwa pa makina, zitseko zimakumana bwinobwino, madirowa amayenda, ndipo m'masiku owerengeka khitchini imakhala yatha popanda matope m'nyumba. Chinanso n'chakuti amamangidwa ndi masikuluu, choncho amamasuka. Kwa munthu amene ali pa lendi ku Matawale kapena ku Chinamwali, kapena wogwira ntchito m'boma amene kalata ya transfer ingamupeze tsiku lililonse, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mukhoza kupakira khitchini yanu pa lole pamodzi ndi bedi.

Mdani wake ndi madzi, ndipo kuno madzi sitiwasowa. Tili m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye mu Juni ndi Julayi chiperoni chikafika ngakhale zovala pa chingwe zimakana kuuma. Melamine payekha salowa madzi. Vuto lili m'mphepete modulamo. Kakamba kakang'ono kamene amamata m'mphepetemo kakangomatuka, madzi amalowa, bolodi n'kufufuma ngati buledi woviika mu tiyi, ndipo akafufuma sabwereranso. Malo awiri ndiwo amayamba kufa: pamene anaboola kuti alowetse sinki, ndi kunsi kumene kumagunda pansi. Tonse tikudziwa mmene timakolopera kwathu kuno, kukhuthula ndowa yathunthu kenako n'kumathamangitsa madzi ndi chikolopa. Kabati ya bolodi yokhala pansi penipeni sipirira zimenezo. Ngati mwasankha bolodi, kakamirani kuti kalipentala aike timiyendo ta pulasitiki tokweza kabati masentimita 10 kapena 15, komanso apake silikoni paliponse pamene macheka adutsa asanakhazike sinki. Kalipentala wothamangira ntchito ina amadumpha zimenezi, chifukwa sizioneka pa tsiku lolandira ndalama.

Mahinji nawo ali ndi khalidwe lawo. Sikuluu ikazuka mu chipboard, malo omwewo sagwiranso, chitseko chimayamba kulendewera. Mtengo wa bolodi umatsatanso ndalama zakunja popeza wambiri amachokera kunja, pamodzi ndi mahinji ndi zogwirira zake. Amene anali pakati pa ntchito mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, sanaiwale.

Tsopano za simenti. Bilidala amamanga timakoma ta njerwa kapena mabuloko, pamwamba n'kuthira silabu ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, yochindikala masentimita 6 kapena 7, kenako matailosi. Zitseko zimabwera pambuyo pa felemu ya thabwa kapena ya chitsulo. Pamenepa mukhoza kutula mphika wa nyemba wochokera pa mbaula osaopa kupsereza. Mukhoza kupala makumba a ku Chilwa madzi ali chuchuchu, kudula nkhuku ya lokolo ndi mpeni waukulu, kutsuka ndi sopo n'kutsira madzi. Chiswe chikabwera chimangopeza zitseko basi.

Koma simenti sikhululuka. Chimene mwalakwitsa lero mudzakhala nacho mpaka mutabwereka hamala. Mpata wa kukala (cooker) ukachepa ndi sentimita imodzi, kukalayo silowa. Makukala ambiri ndi a masentimita 50 kapena 60 m'lifupi, ndiye yezani yanuyo kaye, muonjezere malo a pulasitala ndi matailosi, chifukwa abilidala ena amayeza pa njerwa yosapaka. Timakoma tija timadyanso malo. Kalikonse kakapakidwa mbali zonse kamafika masentimita 13 kapena 14, pamene bolodi safika ngakhale awiri. M'khitchini yaing'ono ngati za nyumba zambiri za ku Chikanda ndi ku Mpondabwino, timakoma tinayi tatha kale malo a kabati yathunthu.

Ndiye pali kudikira. Silabu imafuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu, ndipo konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Ngakhale ikalimba, m'kati mwa makabati mumakhalabe chinyontho kwa nthawi. Mukafulumira kutseka zitseko n'kulonga ufa ndi mpunga, mudzapeza chuku. Ntchito imeneyi ndi ya mu Ogasiti mpaka Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, osati mu Januwale. M'katimo mupake penti ya mafuta kapena muike matailosi otsala, ndipo pazitseko pakhale timabowo ta mpweya totchinga ndi sefa. Mpata uliwonse pakati pa felemu ndi khoma autseke, apo ayi mwamangira mphemvu nyumba yaulere.

Pa matailosi a pamwamba, ine ndimakana ang'onoang'ono aja. Mizere ikachuluka, mafuta ndi litsiro zimapeza pokhala, ndipo pakapita chaka mizere yoyera ija imakhala itada. Tengani aakulu a 60 kwa 60, poti silabu nayo imakhala masentimita 60 kuchoka ku khoma, choncho tailosi imodzi imakwana popanda mzere wa pakati. Granite, mwala wolimba wosalala uja, ndi yabwino kuposa zonsezi ndipo imakhala bwino pa timakoma ta njerwa, koma mtengo wake ndi wina, kuphatikizapo kuinyamula ulendo wa pafupifupi makilomita 70 kuchokera ku Blantyre osaisweka.

Pali chinthu chimodzi chimene simenti imapambana nacho koma anthu sachiganizira. Makabati a bolodi nthawi zambiri amabwera ndi msinkhu umodzi, masentimita 90. Msinkhu umenewu ndi wabwino potsuka mbale ndi kudula tomato. Koma ikanipo chitofu cha gasi cha mbale ziwiri, pamwamba pake mphika wa nsima ya anthu asanu ndi awiri, muone amayi akuvundula chigongono chili m'mwamba, phewa likulira. Amene anakonza miyeso imeneyi sankaphika nsima. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri zokhala ndi khitchini yokongola nsima imaphikidwabe pansi kapena pakhonde. Mukamamanga ndi simenti mukhoza kutsitsa mbali ya chitofu kufika masentimita 65 kapena 70, mbali ya sinki n'kuisiya pa 90. Muitaneni wophikayo, agwire mthiko, bilidala ayeze pamenepo.

Kunsi kwa chitofucho kusiyidwe malo a silinda ya gasi. Kuyambira pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mabanja ambiri anaphunzira kusadalira magetsi okha pophika. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka amatsikira pansi, choncho bowo lotulutsira likhale kunsi, ndipo ngati khomalo ndi lakunja liboolereni panja.

Mwina wina afunsa za matabwa enieni, poti paini wa kuphiri tili naye pafupi. Paini amagwira ntchito ngati wauma. Wambiri amene amagulitsidwa amakhala wamuwisi, ndipo akamauma ali kale pa kabati amapindika, zitseko n'kusiya mipata. Asanamukhome apakidwe mankhwala a chiswe. Mlombwa ndi mbawa ndi zolimba koma zasowa ndipo zakwera. Pa zitseko, blockboard kapena plywood ngati zimene Raiply amapanga ku Chikangawa zimagwira sikuluu bwino kuposa chipboard, ndipo zikanyowa pang'ono sizifufuma msanga.

Kwa mwini nyumba, ine ndinganene kuti kunsi konse kumangidwe ndi simenti, zitseko zikhale za blockboard, ndipo bolodi wa melamine apite m'mwamba, m'makabati a makapu ndi mbale kumene madzi safika. Kwa wa pa lendi, bolodi wa timiyendo, ndipo mugwirizane ndi alandilodi polemba kuti potuluka mudzanyamula. Simenti m'nyumba ya eni ndi mphatso kwa alandilodi, pokhapokha avomere kuchotsera pa lendi.

Pulambala ndi wa magetsi abwere bilidala asanathire silabu, masoketi akhale kutali ndi sinki. Kabati ya kunsi kwa sinki isakhale ndi shelefu ya simenti pakati, chifukwa tsiku limene paipi idzayambe kudontha, pulambala adzafuna kulowetsamo mutu ndi mapewa omwe.