Kogula mfuti yakale ya asilikali osagwiritsidwa feki: CMP, GunBroker, okushoni kapena sitolo ya akatswiri

Anzathu okhala ku America amene ayamba kusonkhanitsa mfuti zakale za nkhondo amafunsa funso limodzimodzi: pa intaneti malo ndi ambiri, nanga ndi pati pamene munthu angatulutse ndalama zake osaopa kupusitsidwa? Njira zenizeni zilipo zinayi: bungwe la CMP (Civilian Marksmanship Program) logulitsa mfuti zakale za asilikali a America, msika wa GunBroker, nyumba za okushoni, ndi masitolo ogulitsa zakale zokhazokha. Lamulo ndi limodzi, kupatula ku CMP, kumene m'ma state ambiri amatumiza mfuti zazitali kunyumba kwanu akakufufuzani. Mfuti yochokera ku state ina imatumizidwa kwa wogulitsa wa laisensi ya boma yogulitsira mfuti, yotchedwa FFL, inu n'kukaitengera kumeneko atakufufuzani. Amene ali ndi laisensi ya osonkhanitsa, yotchedwa C&R, ya madola 30 pa zaka zitatu, amatha kulandira kunyumba mfuti zimene zakwanitsa zaka 50, ngati malamulo a state yake akulola.

Feki pa nkhani iyi sikawirikawiri kukhala mfuti yopangidwa dzulo. Imakhala mfuti yeniyeni ya 1943, koma wina waidinda manambala, waiika chizindikiro kapena waimangirira galasi loonera patali kuti yamtengo wamba ioneke ngati yosowa. N'chifukwa chake muyeso waukulu poyerekeza malo anayiwa si mtengo ayi, koma ufulu woibweza mutaiona ndi maso.

CMP ndiye yosavuta kuikamba, ndipo ine ndimaikonda poyera. Bungweli lili ku Anniston ku Alabama ndi ku Port Clinton ku Ohio, ndipo M1 Garand zake zakale, mfuti za asilikali a America a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zimachokera ku boma mwachindunji, osadutsa m'manja mwa amalonda. Amaziika m'magulu monga Rack, Field ndi Service malinga ndi kutha kwa mpope ndi thabwa, ndipo satifiketi imabwera ndi mfuti. Mavuto ake ndi atatu. Amagulitsa kwa nzika za America zokha, choncho wa green card sangathe. Komanso muyenera kukhala membala wa kalabu yogwirizana nawo. Ndipo ngati mukufuna mfuti ya ku Germany kapena ku Russia, kumeneko kulibe.

Wogula Garand kwina adziwe ichi: nambala ya mfuti ili pa receiver pokha, chitsulo chachikulu chimene bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, imayendamo. Zitsulo zinazo zili ndi manambala a pulani ya fakitale, osati a mfutiyo. Ndiye wogulitsa akalemba kuti Garand yake manambala onse ndi ofanana, mwina sadziwa chimene akugulitsa, mwina akuyesa ngati inuyo mukudziwa. Choopsa kwambiri ndi ma receiver amene boma lidadula pakati kuti asagwirenso ntchito, anthu n'kuwawotcherera. Mbali yakumbuyo imakhala ya mfuti ina, yakutsogolo ya ina. Yerekezani nambala ya kumbuyo ndi nambala ya pulani yoyamba ndi D28291 imene ili kutsogolo kumanja, pansi pa thabwa: ngati zaka zake sizikugwirizana, kapena m'mizere ya m'mbali muli timabowo ndi mtundu wosiyana, isiyeni. Imeneyo si nkhani ya ndalama yokha, ndi ya nkhope yanu mfutiyo ikaphulika mukuomba.

Pa GunBroker mpamene pali zonse, zabwino ndi zoipa, ndipo mpamene Karabiner 98k (K98k) ya ku Germany imapweteketsa anthu ambiri. GunBroker sagulitsa mfuti, amangokumanitsa anthu. Palibe katswiri amene waiona mfutiyo isanaikidwe. Wogulitsa amasankha yekha kupereka masiku atatu oti muiyang'ane kapena kulemba kuti "as is", kutanthauza kuti mukalipira nkhani yatha. Mawu awiri amenewa, akakhala pa mfuti yodula yokhala ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi za mumdima, kwa ine ndi okwanira kutseka tsambalo.

Chinyengo chake chimayenda chonchi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, a Soviet adatenga ma K98k ochuluka zedi, n'kuwaphwasula, kuwanyika mu mankhwala akuda, n'kuwamanganso osasamala kuti chitsulo ichi chidali cha mfuti iti. Mfuti zoterezi zimadziwika: chilembo X pa receiver, nambala yolembedwa ndi cholembera chamagetsi pa bolt, nambala ina yodindidwa kumanzere kwa thabwa lakumbuyo, ndi vanishi yofiirira yomakanuka. Palibe cholakwika ndi mfuti yotere ikagulitsidwa ndi dzina lake. Ndi mbiri yeniyeni ya nkhondo ya kum'mawa. Koma popeza ya manambala ofanana kuchokera ku fakitale imadula kangapo, akathyali amagula yotchipayo, n'kupala manambala akale, kudinda atsopano, kuchotsa vanishi, kenako n'kuiika pa msika ngati yobwera ndi msilikali mu 1945.

Kuti muwagwire, yambani ndi patsinde pa chogwirira cha bolt, pamene pamakhala nambala ndi kachilembo kake pansi. Pemphani chithunzi chojambulidwa panja masana, kuwala kukuchokera m'mbali. Pamalo popalidwa pamaoneka kadzenje kosazama, ndipo timizere ta makina a fakitale timathera m'njira ngati tafufutidwa. Kenako yerekezani kalembedwe ka manambala, makamaka 1, 3, 4 ndi 7, pakati pa bolt, receiver ndi chivundikiro cha magazini. Fakitale iliyonse inali ndi zidindo zake, ndipo wachinyengo amagwiritsa ntchito seti imodzi yogula dzana pa zitsulo zonse. Mfuti ikafika, nunkhizani chitsulo: mankhwala odetsa ozizira a m'botolo amasiya kafungo kowawasa kamene chitsulo cha zaka 80 chilibe.

Chachiwiri ndi kugwirizana kwa zizindikiro. Zilembo za pamwamba pa receiver zimanena fakitale: byf ndi Mauser ya ku Oberndorf, bnz ndi Steyr, dot ndi Brno, bcd ndi Gustloff. Oyendera zida a asilikali ankadinda kachiwombankhanga kokhala ndi nambala, ndipo nambalayo imayenda ndi fakitale ndi chaka: byf ya 1943 iyenera kukhala ndi 135, dot ikhale ndi 63. Mukaona byf 43 yodzaza ndi 63 pa tizitsulo tonse, wina wasakaniza. Kumapeto kwa nkhondo mafakitale adasiya kudinda manambala pa tizitsulo tambiri, choncho mfuti ya 1945 yokhala ndi nambala paliponse mpaka pa masikuluwu yachita kukongoletsedwa mopitirira. A Germany ankadetsa bolt. Yonyezimira ngati sipuni yapukutidwa pambuyo pake. Apa mpamene mwambi uja umagwira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thabwa nalo limaulula. Nambala ya ku Germany imakhala pansi pa thabwa lakumbuyo kapena m'kati mwa ngalande imene mpope umagonamo, osati kumanzere. Ngati kumanzereko kwalowa pang'ono, pamenepo padali nambala ya a Soviet imene yakhulidwa. Thabwa lokhulidwa mpaka m'mphepete mwake kusalala, koma chiwombankhanga chake chili chakuthwa ngati chadindidwa m'mawa uno, ndi bodza loonekeratu. Za zigaza ndi zilembo za SS, gulu la asilikali a chipani cha Hitler, ndingonena mwachidule: zidindo zake zimagulitsidwa poyera, ndipo woyamba kumene asayandikireko.

Nkhani ya "agogo adabwera nayo ku nkhondo" musailipirire ngakhale dola imodzi popanda pepala la asilikali lokhala ndi nambala ya mfuti yomweyo. Kuyambira ndi lamulo la 1968, mfuti yolowa m'dzikomo mwamalonda imadindidwa dzina la kampani yoitanitsa, kawirikawiri pafupi ndi kamwa la mpope. Pemphani chithunzi cha pamenepo, pansi ndi m'mbali. Pakakhala popalidwa, nkhani ya agogo yathera pomwepo.

Palinso akuba amene alibe mfuti n'komwe, amangotenga zithunzi za ena. Ikani chithunzicho pa Google Lens, ndipo muuzeni wogulitsa ajambule mfutiyo pambali pa pepala lolembedwa dzina lake ndi tsiku. Wofuna kulipidwa pa Zelle, crypto kapena makadi a mphatso, musamutumizire.

Nyumba za okushoni monga Rock Island Auction ndi Morphy zimaposa GunBroker pa zithunzi ndi pa mfuti zosowa, ndipo mitengo ya malonda akale imene amaisiya pa intaneti ndi sukulu yaulere. Chimene chimawawa ndi ndalama yowonjezera ya wogula, imene m'nyumba zambiri imakhala pakati pa 15 ndi 25 peresenti. Tiyerekeze kuti mwapambana pa madola 2,000 pamalo pamene amatenga 20 peresenti. Bilu ikubwera ya 2,400. Pamwamba pake msonkho wa state, kutumiza, inshulansi, ndi ndalama ya wa FFL wokulandirirani. Mukalipira ndi khadi kapena kupikisana kudzera pa tsamba lina monga Proxibid, nthawi zambiri pamakweranso. Munthu amene amati wapeza mwayi amapezeka walipira kuposa mtengo wa m'sitolo. Ndipo werengani malamulo awo musanakweze dzanja, chifukwa zambiri zolembedwa m'katalogi amazitenga ngati maganizo chabe, osati lonjezo, ndipo nthawi yodandaula ndi yochepa. Wolemba katalogi amaona mfuti mazanamazana za mitundu yonse; sangadziwe kalembedwe ka 7 wa ku Steyr ngati munthu amene watha zaka akuyang'ana K98k zokha.

Sitolo ya akatswiri ndi yodula poyamba, koma mtengo umene mwaona ndi womwewo, kuwonjezera kutumiza ndi msonkho, ndipo odalirika amalola kubweza m'masiku ochepa mfuti isanaombedwe. Funsani chinthu chimodzi, ayankhe molemba: kodi ndingachotse thabwa kuti ndione pansi pake? Ena amati mukamasula sikuluwu imodzi simungabwezenso, pamene umboni waukulu uli pansi pa thabwapo.

Chitsanzo ndi Lee-Enfield No. 5 ya ku Britain, imene anthu amaitcha Jungle Carbine. Zenizeni zidapangidwa ku mafakitale a Fazakerley ndi BSA Shirley kuyambira 1944 mpaka 1947. Mukachotsa kathabwa kapamwamba, patsinde pa mpope pali ngalande zosemedwa zochepetsa kulemera. Mutu wa chogwirira cha bolt ndi wobowola, ndipo choyang'anira chakumbuyo chimathera pa mayadi 800, osati 1,300 ngati pa Lee-Enfield yaitali ya No. 4. Yolembedwa Long Branch, Savage, kapena mawu oti Jungle Carbine pachitsulo, ndi No. 4 kapena mfuti ina yodulidwa. Kwa ife Lee-Enfield imakoka mtima chifukwa ndi imene asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles adanyamula mpaka ku Burma, ndipo wogulitsa wochenjera akamva kumene mukuchokera angakuonetseni kachitsulo kozungulira kamkuwa ka pathabwa kolembedwa KAR. Kachitsulo kameneko kamagwidwa ndi sikuluwu imodzi, aliyense angakasinthe.

Mosin-Nagant ya ku Russia yokhala ndi galasi la mtundu wa PU nayo imafuna kuigwira m'manja. Ya ku fakitale ya Izhevsk imakhala ndi nambala ya galasi kumanzere kwa tsinde la mpope. Ya ku Tula imakhala ndi zilembo za Chirasha zooneka ngati CH kapena C ndi П pamwamba pa nyenyezi. Zaka zake zikuluzikulu ndi 1942 mpaka 1944. Mfuti ya 1938 yokhala ndi PU yachita kubooledwa pambuyo pake.

Ndiye chigamulo changa n'chotere. Garand, pitani ku CMP ngati ndinu nzika, osataya nthawi kwina. K98k, No. 5 kapena Mosin ya galasi, gulani ku sitolo yolola kubweza ndi kuchotsa thabwa, ngakhale mutawonjezera madola mazana angapo. Okushoni isiyireni tsiku limene mudzathe kutsutsa katalogi nokha, ndipo lembani mtengo wanu womaliza mutachotseratu ndalama yowonjezera ija. GunBroker ndi yabwino pa mfuti wamba zimene palibe angavutike kuzinamizira, monga K98k ya X yogulitsidwa moona mtima. Pa china chilichonse chodula kumeneko, tumizani zithunzi kwa osonkhanitsa a pa Gunboards kapena K98k Forum malonda asanatseke, ndipo lipirani ndi khadi ngakhale wogulitsa awonjezere 3 peresenti, chifukwa banki imatha kukuthandizani kubweza ndalama ngati katunduyo sadafike kapena si amene adalonjeza.