Lamba wa pamkono wandichepetsera ululu wa chigongono, koma sanandichiritse

Ndakhala ndikumanga lamba wa pamkono kwa miyezi inayi tsopano, kuyambira pamene dokotala anandiuza kuti ululu umene unkandisowetsa mtendere kunja kwa chigongono chakumanja ndi vuto lotchedwa tennis elbow. Tenesi sindinasewerepo chibadwire, monganso anthu ambiri amene vutoli limawagwira. Ine ndine mmisiri wa matabwa, ndipo kukhoma misomali ndi kupala matabwa tsiku ndi tsiku ndi kumene kunafooketsa mtsempha wolumikiza minofu yotukulira dzanja ku kafupa kotumphuka ka kunja kwa chigongono. Ululuwo unkatsetsereka mpaka kudzanja, moti m'mawa wina kapu ya madzi inandipulumuka, ndipo kufinya nsalu yonyowa kapena kupotokola chogwirira cha chitseko inali ntchito yolumira mano.

Lambayu ndi wopepuka, ali ndi kapilo kolimbako mkati ndi zomatira zimene munthu amatha kumanga ndi dzanja limodzi. Samangidwa pachigongono penipeni ayi, koma masentimita 2 kapena 3 kumunsi kwake, pamene mnofu wanenepa kwambiri, kuti kapiloko kazipanikiza mnofuwo ndi kuchepetsa mphamvu imene imakoka mtsempha wovulalawo. Sabata yoyamba ndinkamuika pafupa lopwetekalo ndipo sindinkaona kusintha kulikonse, kufikira pamene wondichititsa mafizo anandisunthira lambayo pamalo pake n'kundiuza kuti ndifumbate dzanja. Nthawi yomweyo ndinamva kuti ululu wazizira. Kapepala kamene kanali m'bokosi sikanafotokoze bwino za malo omangirawa, ndipo chimenechi ndi cholakwika chachikulu pa chinthu chimene phindu lake lonse lagona pa malo amene wachimanga.

Pogwira ntchito lambayu wandithandizadi, chifukwa ndimatha kugwira hamala kwa nthawi yotalikirapo popanda kuimaima. Komabe ndikamumanga mothina zala zimachita dzanzi, kukatentha thukuta limayabwitsa khungu, ndipo zomatira zake zayamba kale kulekerera chifukwa cha utuchi umene umakanirira pamenepo. Usiku ndimamuvula, popeza ndi wovala pogwira ntchito basi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti lambayu amanyenga. Ululu ukachepa, munthu umaganiza kuti wachira n'kubwerera ku ntchito yolemetsa imene inayambitsa vutolo, pamene mtsemphawo udakali wofooka. Zimenezi zinandichitikira mwezi wachiwiri, ndipo ndinabwerera m'mbuyo. Kusintha kwenikweni ndinakuona nditachepetsa ntchito, kuika madzi oundana okulunga m'nsalu pamalopo kwa mphindi 15, komanso kuchita mafizo tsiku lililonse: kutsamiritsa mkono patebulo, kutukula dzanja logwira kachitsulo kopepuka mothandizidwa ndi dzanja linalo, kenako kulitsitsa pang'onopang'ono. Jakisoni wa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid ndinamupewa, chifukwa ngakhale amaletsa ululu msanga, ululuwo umakonda kubwereranso pakapita miyezi ingapo.

Vutoli limatha pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, ndipo ambiri amachira chaka chisanathe popanda opaleshoni. Amene ntchito yake siimulola kupumitsa mkono agule lambayu, koma ayambe wakaonana ndi dokotala, makamaka ngati chigongono chatupa, chikutentha, kapena zala zikuchita dzanzi asanamange kalikonse.