Kukaona mbalame mu Ogasiti: Chilwa kapena Elephant Marsh?

Chiperoni chikamatha, madzi amakhala akuphwa m'madambo ndipo mbalame zimaunjikana pamodzi. Kwa wochokera ku Mulanje, Nyanja ya Chilwa ndiyo yapafupi, kudzera ku Phalombe. Inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 1996. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, koma ndi yosaya, n'chifukwa chake imaphwa zedi, monga mu 1995 pamene inauma. Chaka cha mvula yochepa mudzaponda matope mtunda wautali musanaone vuwo ngakhale mmodzi. Komanso anthu akumeneko amatchera mbalame za ndiwo, choncho n'zochenjera.

Elephant Marsh, ku Chikwawa ndi Nsanje, inalowa mu Ramsar mu 2017. Njovu zimene David Livingstone anaziona mu 1859 kulibenso, koma mtsinje wa Shire umadyetsa damboli chaka chonse. Mumalowa pa bwato, wopalasa akukankha ndi mponda pakati pa mabango, akakowa ali ndandanda, nkhwazi ikulira pamwamba. Dzanja lisalendewere m'madzi, kuli ng'ona ndi mvuu.

Ine ndingasankhe ku Elephant Marsh, makamaka kwa a ku Thyolo. Nyamukani mbandakucha, juzi muivulire m'njira, chifukwa kuchigwa kumatentha ikamakwana 10 koloko.