Famasi ya ku Area 47 yomwe sinandigulitse "mankhwala atsopano" a nyamakazi

Amene muli ndi odwala nyamakazi ija yotupitsa zala n'kuuma m'mawa, madokotala amati rheumatoid arthritis, kafamasi kena ka ku Area 47 nkabwino ndithu ngakhale mitengo ndi yokwererapo poyerekeza ndi ku Old Town, komanso Loweruka mzere umatalika chifukwa mayi wogulitsa mankhwala pamenepo amacheza ndi kasitomala aliyense mpaka amvetse.

Ine ndinapitako ndi screenshot ya pa gulupu ya WhatsApp, eti kwabwera mapilisi otseka ma chemokine ochiziratu nyamakazi ya amayi anga. Mayi wa pafamasi uja anangoti "achimwene khalani kaye pansi". Akuti ma chemokine ndi timapuloteni toitanira maselo oyera a magazi pamalo pomwe patupa, ngati oitanira minibasi pa depoti paja, ndiye ganizo loti titseke kuitanako kuti kutupa kuchepe si lopusa ayi, asayansi akhala akulimbana nalo zaka zambiri. Vuto oitanawo ngambiri zedi, ma chemokine alipo pafupifupi 50, polandirira uthenga wawo pafupifupi 20, ukatseka pakamwa mmodzi enawo akukuwabe. Mankhwala otchedwa maraviroc, wotseka polandirira uthenga pamodzi potchedwa CCR5, anavomerezedwa mu 2007 koma ndi wa HIV, atamuyesa pa nyamakazi sanaphule kanthu. Wina dzina lake vercirnon anakanikanso mu 2013 pa matenda otupa matumbo aja a Crohn. Ndiye wogulitsa pa WhatsApp uja akugulitsa chani kwenikweni, kaya.

Chomwe ndinawakondera, sanandikankhire kabotolo kena kodula kuti ndingotuluka ndi kanthu m'manja. Anafunsa za methotrexate yomwe amayi analemberedwa kuchipatala, n'kubwereza kawiri kuti ndi kamodzi pa sabata osati tsiku ndi tsiku, folic acid asamadumphe, magazi azikayezetsa kuona chiwindi. Zophatikiza Brufen ndi diclofenac ululu ukakula anati zithe lero lomwe, m'mimba mungachite zilonda. Za jakisoni wa adalimumab anati alipo ndipo amathandiza ena, koma ngodula kwambiri ndipo dokotala amayamba wayeza TB kaye, kwathu kuno imeneyo si nkhani yamasewera.

Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, risiti amapereka osachita kuwapempha. Poimika galimoto ndiye pothina heve, bola kupita m'mawa mkati mwa sabata, ndipo tengani buku lakuchipatala la wodwalayo chifukwa popanda limenelo methotrexate sakupatsani.