Za cheke ya zaumoyo pa bwalo la ndege la Incheon ku South Korea, kwa amene mukudzera ku Dubai

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndinatsika ndege ndili ndi mtima woti ndinama. Ndinagona ku Dubai masiku atatu kwa msuweni wanga ndisanapitirire ku Korea, ndiye ma AC akumeneko anandipatsa kachifuwa kenakake kouma, mu ndege monse khosu khosu mpaka mayi amene ndinakhala nawo pafupi anavala masiki awiri. Pa Incheon musanafike kodinda pasipoti mumayamba mwadutsa pa desiki ya zaumoyo ya a KDCA, bungwe la boma la Korea lolimbana ndi matenda, ndipo ngati mwachokera ku Middle East mumaonetsa pa foni Q-Code (ka QR code kamene mumalandira mukayankha mafunso a zaumoyo pa intaneti) kapena kulemba kafomu kachikasu. Ine ndinalemba kafomu. Pa funso la chifuwa bolopeni inaima kaye m'malere, kenako ndinangochonga kuti eya poti ndikanabisa bwanji munthu ndikukhosomola pamzere pomwepo.

Nesi anandipatutsa mwaulemu, osakuwa, osandiloza chala pagulu. Kachipinda koyera, mpando umodzi, anandipatsa masiki yatsopano nkundilowetsa kachoyezera m'khutu, 37.3, iwo amayamba kudandaula ikafika 37.5. Ndiye mafunso. Munapita kuchipatala chilichonse ku Dubai? Munakumana ndi wodwala chifuwa? Munagwira ngamila, munamwa mkaka wake wosawiritsa? Apa ndinaseka ndithu, mwana wa ku Ntcheu ine ngamila ndiitani, koma iwo nkhope ili gwa, akulemba yankho lililonse.

Chimene amasaka ndi MERS, kachilombo kamene kanapezeka koyamba ku Saudi Arabia mu 2012, kamachokera ku ngamila ndipo mwa anthu atatu amene awapeza nako pafupifupi mmodzi amamwalira. A ku Korea anapsa nako kale. Mu May 2015 bambo wina wa zaka 68 anabwera kuchokera ku Middle East, nayendayenda m'zipatala zingapo asanadziwike chomwe akudwala, zotsatira zake anthu 186 anadwala, 38 anamwalira, oposa 16,000 anaikidwa pa mbindikiro, ndipo ambiri anakatengera m'chipatala momwemo. Nchifukwa chake funso la chipatala anandifunsa kawiri konse.

Zonse zinatenga mphindi ngati 25, sindinalipire kanthu, chikwama ndinachipeza chikuzungulirabe pa lamba. Pondimasula anandipatsa kapepala ka Chingerezi nkundiuza kuti kachilomboka kamatha kukhala phee m'thupi mpaka masiku 14, ndiye thupi likatentha kapena kupuma kukavuta ndisathamangire kuchipatala kukakhala pa benchi ndi anthu ena ayi, ndiyambe ndaimba 1339, nambala ya a KDCA, nkunena komwe ndachokera. Kwa ine apa mpamene pagona ubwino wa sevisi imeneyi, amakuuzani chochita mukafika kunyumba, osangokuombani kachoyezera pamphumi nkukuuzani pitani.

Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kamera yoyeza kutentha kwa thupi imene mumaidutsa pa cheke imeneyi, anthu amaikhulupirira mopitirira, chonsecho munthu atamwa panado mu ndege amadutsa bwinobwino, amene zizindikiro sizinayambe nayenso amadutsa. Mu September 2018 bambo wina wochokera ku Kuwait anadutsa pa bwalo lomweli thupi lisakutentha, anangonena zotsegula m'mimba, patangopita tsiku anamupeza ndi MERS. Mwayi wake anapita molunjika kuchipatala, anamupatula msanga ndipo palibe wina anatengera.

Langizo langa, Q-Code lembani musanakwere ndege, mzere wake umathamanga kuposa wa mapepala, komanso musamakonze basi yonyamuka mukangotera ngati muli ndi chimfine. Changa chija chinatha pa tsiku lachinayi ndi tiyi wa mandimu, 1339 sindinaimbe, koma kapepalako ndinakamata pa fuliji mpaka masiku 14 anakwana.